Wotchi ya Adhana ya Ababa

Loweruka, 4 Febuluwale 1995

Mvula kuyambira m'bandakucha, yakata dzuwa litapendeka. Tsopano ndi madzulo, kwazizira, kumapiri kudakali bii. Tsiku lachitatu la Ramadhani.

Dzulo sindinalembe. Dzanja linakana.

Dzulolo ababa anaitana adhana ya magharibi, yoitanira anthu ku pemphero la dzuwa litalowa, nthawi isanakwane. Kunali mdima wa mvula, dzuwa osaoneka chiyambire m'mawa. Anthu atamva mawu awo anamwa madzi n'kuyamba futali, chakudya chomasulira kusala, mudzi wonse. Ine ndinali nditameza kale phala kawiri. Kenaka mtambo unang'ambika kumadzulo. Dzuwa lili psuu pamwamba pa phiri, lathunthu. Ana a kwa a Fakiri, oyandikana nafe, n'kuyamba kukuwa akulozerana.

Ndiye kuti kusala kwa dzulo kunaonongeka. Aliyense adzabweza tsiku limenelo mwezi ukatha. Ngakhale nkhalamba. Ngakhale asodzi amene anapalasa tsiku lonse kukhosi kuli gwa.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ababa ali muazini, woitana adhana wa mzikiti wathu. Iwo asanayambe ankaitana anali agogo, bambo awo. Salandirapo kanthu. Koma chimwalirire amayi, ndi chokhacho chimene chimawatulutsa m'nyumba atavala mkanjo wochapa.

A Swaleh a golosale, mmodzi wa akuluakulu a mzikiti, anabwera mpaka pakhonde pathu akugogoda wotchi yawo ndi chala. "A Kalilu, 5:40 iyi. Mwatidyetsa masanasana ngati ana." Ababa anangolowa m'nyumba. Mpunga wawo ndaupeza m'mawa uli momwemo, nyerere zitalowa.

Lolemba, 6 Febuluwale

Akuluakulu anakumana dzulo. Ndamva kwa azakhali a Tatu, alongo awo a ababa, chifukwa eni ake sanena kanthu. A Swaleh akuti masiku ano ndi a matipate, udindo si wa banja limodzi, anthu avote. Shehe Amiri anakana zovota mumzikiti. Koma anagamula kuti ababa akalakwitsanso kamodzi Ramadhani isanathe, asiye, alowe wina wokhala ndi wotchi.

Masiku otsala ndi ambiri. Mitambo tsiku lililonse.

Ndinapita ku Boma ndi mandasi. Anagulidwa ochepa, ambiri akusala. Pobwerera ndinadzera kwa a kaunjika. Chichitikire mavoti achuluka, afika mpaka mumsewu. Pabenchi ya bambo wina wa majekete pali mawotchi pa kansalu kofiira. Apulasitiki a manambala, K70, analemba pakatoni. Akuluakulu onyezimira ngati ya a Swaleh, K220. Pambali imodzi yokha yotuwa ngati phulusa, yopanda mtengo. Nkhope yakuda, manambala oyera akuluakulu, lamba wa nsalu wobiriwira. Yosakongola n'komwe.

Ndinaima nthawi yaitali. Sindinafunse. Pakamwa panga pamauma ndikaima pamaso pa munthu wosam'dziwa.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Bambo aja ndi a Dyton, a ku Dwambazi, amakoka mawu ngati anthu a kumpoto. Lero anandiyamba okha. "Achemwali a mandasi, dzana munaiyang'ana wotchi yangayi mpaka yaonda." Anzawo anaseka. Ndinafuna kuthawa koma anali atandiika kale m'manja.

Yopepuka! Ndinadzidzimuka. Ngati chigoba cha nkhono. Kudzanja linalo anandipatsa yonyezimira ija, yolemera ngati mwala wa ukonde.

Akuti anaipeza m'thumba la m'kati la jekete potsegula belo. Inali itaima. Ataigwedeza inadzuka yokha. Siifuna batire, imayenda ndi kugwedezeka kwa dzanja, koma ukaisiya masiku awiri osavala imagona. Kumbuyo kuli mawu ozokota. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi, iwo n'kunditchulira: taitaniyamu.

K480. Ndinaibweza ndi manja awiri.

M'chitini changa chosungira ndalama muli K655. Zaka ziwiri za mandasi ndi ganyu wowokera mpunga wa anthu, matope mpaka m'mawondo. Makina osokera a dzanja kwa atelala a pafupi ndi depoti ndi K800. Anati andisungira mpaka Epulo. Ndinkaganiza kuti pa Idi ya chaka chamawa ndidzakhala ndikusoka madiresi a ana pakhonde, osayendanso ndi beseni pamutu, osakuwa pamsika. Wosoka amangowerama, anthu amabwera okha.

Ababa lero aitana mochedwa, kutada ndithu. Mantha. Anthu anadikira makapu ali m'manja.

Lachisanu, 10 Febuluwale

Mvula ya mphepo. Denga la kukhitchini ladontha pawiri.

Ndinawauza azakhali tikusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi. "Iwe, chitsulo chenicheni chimalemera. Poto wopepuka amabooka, khasu lopepuka limapindika. Ameneyo waona kuti ndiwe wofatsa, akufuna kukudyera." Akuti ngati ndalimbikira ndigule ya K70, basi.

Zimene anena ndi zoona pa zonse zimene ndikuzidziwa. Ngakhale nsalu amayi ankaiyesa ndi dzanja, yolemera ndiyo ankagula.

Koma ababa amasamba kasanu pa tsiku pokonzekera swala, mapemphero athu, manja mpaka m'zigongono. Adzakumbukira kuvula nthawi zonse? Yapulasitiki ya amuna awo a Ummy a m'mudzi muno inalowa madzi sabata yachiwiri, manambala anasanduka matope akuda. Ndipo batire ikatha pakati pa mwezi, munthu osadziwa, n'kuitananso nthawi yolakwika? Pamenepo ndiye kutheratu.

Yolemera ija mwina. Anthu akaiona pamkono pa ababa akhoza kukhulupirira. Yotuwayo aziti ndi choseweretsa.

Ababa anandipempha kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano, mkanjo wasosoka m'khwapa. Akuti singano za masiku ano zibowo zake n'zazing'ono. Ndawasokera ndine.

Loweruka, 11 Febuluwale

Ndinalemba mawu aja pakapepala n'kupita nawo kwa Leah. Tinali limodzi mpaka Sitandade 6, iye anapitiriza, anakwatiwa ndi aphunzitsi a kusukulu ya mishoni. Amuna akewo, a Cyril, ine sindingawafunse. Anakafunsa ndi Leah, ine ndili kuseri kwa nyumba ndi mwana wake.

Akuti ndi chitsulo chimene amapangira ndege. Sichichita dzimbiri. Kupepuka ndi chibadwa chake, ndipo n'kumene kumachikweza mtengo. Akuti ngati wotchiyo ndi yeniyeni, wogulitsayo sakudziwa chimene ali nacho. Koma akutinso mawu aliyense akhoza kuzokota.

Ngati. Mawu ake ndi amenewo.

Leah anandiperekeza mpaka pamlatho. Anati, "Zuhura, makina adzakudyetsa zaka makumi awiri. Wotchi idzakudyetsa chiyani, mphindi?" Tinaseka tonse. Atatembenuka ndinalira pang'ono, sindikudziwa chifukwa chake.

Mandasi atatu atsala. Mafuta akweranso.

Lolemba, 13 Febuluwale

Lero ndayankhula.

Ndinayeserera m'njira monse. Nditafika mawu anatuluka aang'ono, a Dyton anachita kuwerama kuti amve. Ndinafunsa ngati imalowa madzi.

Anabwereka kapu kwa mayi wa tiyi, anathira madzi, wotchi chubwi. Mtima wanga unaima, ngati ndi yanga. Anaisiya momwemo, anagulitsa majekete awiri, anakangana ndi munthu za zipi. Poitulutsa muvi wake wautali wopyapyala unali ukuyendabe. Galasi lopanda nthunzi m'kati.

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinati ayikemonso yolemera ija. Anaseka mpaka kugwira benchi. "Imeneyo ayi, achemwali, ili ndi chimfine. Imeneyo n'njodyera ukwati."

Kenaka anaifumbata, anati ndisuzumire pakati pa zala. Mumdimamo mivi ndi manambala zikuwala mobiriwira ngati ziphaniphani. Ndiye kuti ndi m'bandakucha womwe munthu akhoza kuona nthawi osayatsa koloboyi.

Pabenchi yoyandikana pali wailesi. Itanena kuti ndi 1 koloko tinaitchera pamodzi. Ndinawapempha kuti asaikhudzenso mpaka Lachitatu, azingoivala. Anati, "Mukadakhala apolisi inu tikadatha tonse."

Mtengo sindinanenerere. Sinditha.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Wailesi inati 1 koloko. Wotchi inati 1 koloko. Masiku awiri, osataya ngakhale mphindi.

Koma tsopano ndi K520. Akuti kwacha ikugwa, belo lakwera. Akutinso mlonda wina wa kunkhalango ya nyama anaiona, abwera kumapeto a mwezi akalandira. Mwina n'zoona, mwina n'zondithamangitsa.

Ndinadzera kwa atelala. Makina K900. Anandiuza akuyang'ana pansi. Chaka chatha ndinkatsala ndi K300 kuti ndifike, ndagwira ntchito miyezi yonseyi, ndipo ndikutsalabe pafupifupi pomwepo. Ndikamayenda nawonso akuyenda.

Choipa n'cha madzulo ano. Mitambo. Ababa anachedwanso. Ndili pampanda ndinamva mbale zikulira kwa a Fakiri, fungo la nyemba, ana akutafuna. Anthu ayamba kufutulu okha. Amatuma kukafunsa nthawi kugolosale. Ababa ataitana panalibe amene ankadikira, kupatula ine ndi azakhali.

Mawu awo anali omwe aja, aakulu, ofika mpaka kumadimba. Oitana anthu okhuta.

Sindikudziwa ngati anazindikira. Pobwera anagunda ndowa imene ndinaisiya pakhomo, madzi onse pansi. Anapepesa kwa ine. Bambo kupepesa mwana wawo chifukwa cha ndowa.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Ndalama za m'chitini ndawerenga katatu, sizikuchuluka.

Wotchi ija ikakhala yabodza: makina palibe, wotchi palibe, azakhali adzanena mpaka ndidzakalambe.

Ikakhala yeniyeni: makina palibebe.

Ndikapanda kugula: tsiku lina adzaitana msanga, kapena adzangopitirira kuitana mochedwa mpaka a Shehe adzachite manyazi m'malo mwawo. Kenaka adzakhala pakhonde tsiku lonse. Ndinawaona mmene anakhalira miyezi itatu amayi atangomwalira, osameta, osafunsa za munda. Chimene chinawadzutsa ndi chakuti wowagwirizira ntchito anali ndi mawu osasa, sanapirire kumumva.

Palibe amene wandituma. Ababa sanapemphepo wotchi chibadwire. Amati agogo ankawerenga nthawi pa mthunzi wa khoma la mzikiti ndi pansonga ya mgwalangwa wa kuseri.

Koma agogo nawonso mitambo inkawapeza. Ankatani? Sindinafunsepo.

Loweruka, 18 Febuluwale

Ndagula.

K500 ndi mandasi khumi. Anatsitsa okha ataona mmene ndalama zake zinalili, zamapepala ofewa, zina zonunkha mafuta. Anawerenga osaseka. Anati, "Ikavuta mubwere nayo, ine pano sindisamuka." Anaboola lamba chibowo china ndi msomali poti ndinati mkono wa ababa ndi wowonda.

Atelala ndawauza kuti asandisungirenso. Anati pepani. Ndinati palibe kanthu.

Ndinaimanga pamfundo ya chitenje. M'njira ndinkaigwiragwira, sinkamveka kuti ilipo. Kawiri ndinaima kumasula kuti ndione ngati sinagwe. Beseni lopanda kanthu pamutu, chitini kunyumba chotsala ndi zochepa zogulira ufa ndi mafuta.

Azakhali sindinawauze. Ababa ndiwapatsa mawa akachoka ku swala ya masana, kukuwala, aione bwino.

Lamlungu, 19 Febuluwale

Sindikudziwa poyambira.

Ndinagwada, ndinawapatsa ndi manja awiri. Anaipapasa ndi zala mbali zonse, lamba, galasi, kabatani ka m'mbali. Anaiika kukhutu nthawi yaitali. Anati ikuyenda bwino, ili ndi mtima wofatsa. Ndinawamanga pamkono.

Ndinali wokondwa, ndinafuna kuseka nawo. Ndinati, nanga nthawi ili bwanji, ababa?

Anakweza mkono. Anaubweretsa pafupi ndi mphuno. Anatembenukira kukhomo kumene kunali kuwala. Anati ikuyandikira 3 koloko.

Inali 1:20. Manambala aakulu ngati nyemba.

Kenaka anati, "Zuhura, tseka chitseko."

Akuti zinayamba nyengo yozizira ya chaka chatha. Nkhungu yoyera, diso lamanzere kenaka lamanja. Tsopano khomo amaliona ngati chigamba chowala, anthu ngati zitsa zoyenda. Ine amandidziwa ndi mapazi. Njira ya kumzikiti ndi masitepe makumi anayi ndi awiri. Mgwalangwa sanauone chiyambire Okutobala.

Ndinafunsa kuti nanga magharibi amadziwa bwanji miyezi yonseyi. Akuti nkhuku za a Fakiri. Zikamakwera m'khola zimalimbana pamakwerero, tambala amalira kamodzi mokalipa, kenaka zii. Akamva zii uja amawerenga pang'ono n'kuitana. Tsiku lija kunada msanga ndi mvula, nkhuku zinalowa msanga. "Zinandinamiza nkhuku, mwanawe. Nazonso zinanamizidwa."

Singano ija. Ndowa ija. Ukonde umene anasiya kusoka akuti ulusi wake ndi woipa. Ndimagona nyumba imodzi ndi munthu, ndimamuphikira, ndipo ndinapita mpaka ku Boma kukayesa wotchi m'kapu ya madzi, osayang'ana m'maso mwa bambo anga.

Anafunsa mtengo. Ndinafuna kunama koma ndili pa swaumu, ndikusala. Nditanena anagwira kumutu. "Makina ako aja?" Ndinati inde. Anavula okha, anavutika ndi lamba. "Kabweze mawa. Ndipo azakhali ako asamve za maso anga."

Lolemba, 20 Febuluwale

Kwacha bwino lero, koyamba m'masabata awiri.

Ndinapita kukabweza. A Dyton anati alandira pa K450, poti mlonda uja akubwerabe. Sanandinyoze. Anatambasula dzanja. Ine wotchi ili m'manja, ndikuiyang'ana, 11:05. Ndinaganiza kuti ineyo ndikuiona bwinobwino. Vuto n'lakuti amene akuona si amene amaitana.

Ndinati ndasintha maganizo. Anati, "Achemwali inu mudzandidwalitsa."

Nyumba yathu ili kuseri kwa mzikiti, pakati pali mpanda wa udzu basi. Munthu akamasinja kwathu, pakhomo pa mzikiti zimamveka. Ngati makutu a ababa amamva nkhuku za a Fakiri, mtondo sangaulephere.

Ndinawauza. Ndizisinja katatu, gu, gu, gu, ndiye kuti nthawi yakwana. Za m'bandakucha ndi za masana n'zosavuta, ndiziwauza m'nyumba asanatuluke. Anakana. Akuti n'kunamiza anthu. Ndinati nthawiyo idzakhala yoona, bodza lili pati? Chibadwire sindinawayankhepo ababa kawiri pa nkhani imodzi. Lero katatu.

Pomaliza anati, "Wotchi siidziwa magharibi. Dzuwa limasuntha. Uyambe waphunzira." Anandiuza za agogo: osayang'ana phiri, phiri limabisa dzuwa msanga. Uyang'ane nsonga ya mgwalangwa. Kufiira kukachoka pansonga penipeni, uyang'ane kum'mawa, mdima ukhale utayamba kukwera. Pamenepo. Ndipo masiku a mitambo agogo ankatuma munthu kukwera chulu cha kumunda kwa a Ikram a m'mudzi muno, iwo n'kumadikira mluzu.

Ndiye nawonso ankauzidwa! Sindinanene mokweza.

Ndinaima pampanda, diso ku mgwalangwa, diso pa wotchi. 6:11. Ndalemba patsamba lomaliza la kope lino. Ndinasinja katatu. Anaitana.

Ndaimanga pamwamba pa chigongono, m'kati mwa dzanja la bulauzi. Iyenera kuvalidwa kuti isagone. Wotchi yachimuna pamkono pa ine, anthu angandifunse mafunso.

Lachinayi, 23 Febuluwale

Lachiwiri kunayera pang'ono, mgwalangwa unaoneka, 6:10. Dzulo ndi lero mitambo yokhayokha. Ndikutsata 6:10 yomweyo n'kuonjezera mphindi ziwiri, kuopa.

Mphindi khumi zomaliza ndi zowawa kuposa ludzu la tsiku lonse. Nkhuku zimalowa, kunja kumada, ine ndili chiimire ndi munsi, muvi ukuyenda pang'onopang'ono ngati ukudwala. Kusala kwa mudzi wonse kuli pa chigongono changa, ndipo palibe akudziwa. Ndikalakwitsa ine adzanyozedwa ndi iwo.

Ku Boma ndimaima pafupi ndi wailesi ija 1 koloko iliyonse. Yatsalira theka la mphindi basi.

Azakhali anasuzumira pampanda dzulo. "Mtondo wopanda kanthu ukusinjiranji dzuwa litalowa, wayamba misala?" Ndinati ndikuchotsa gaga womatirira. Lero ndaikamo chinangwa chouma pang'ono kuti likhale bodza lochepa.

Kwa a Fakiri mbale zasiya kulira adhana isanamveke. Anthu ayambanso kudikira.

Ababa akudya. Dzulo anapempha mpunga wowonjezera. Koma akachoka ku swala ya usiku sayankhula, amangokhala ndi tasibihi, mikanda ikugundana.

Loweruka, 25 Febuluwale

Zachitika dzulo, itatha swala ya Ijumaa, ya Lachisanu masana. Ndinali pampanda ndikuyanika nsalu, ndinamva zonse, zina ndinaona pa mpata wa udzu.

Amuna atatuluka, a Swaleh anaimitsa anthu. Ndinaganiza kuti atigwira. Koma anali ndi paketi ya shuga ndi masamba a tiyi. Anati masiku anayi akhala akuyesa adhana ya ababa ndi wotchi yawo ndi wailesi, ndipo sinaphonye ngakhale masiku amene mitambo inali bii. Anati analankhula mopsa mtima tsiku lija, njala inali itawakwera kumutu. "Mkuluyu maso ake amaboola mitambo. A Kalilu, ndikhululukireni, landirani kangachepeka." Anthu anavomereza, ena anati Mashallah.

Sindinkayembekezera zimenezi kwa a Swaleh. Ndinali nditawaika kale m'gulu la adani.

Anatambasula manja ndi shugayo. Ababa anaima osasuntha. Kenaka anati, mokweza ngati akuitana adhana, "A Swaleh, shuga mukunenayo ali kuti? Ine sindikumuona. Ngakhale inuyo sindikukuonani."

Ananena zonse. Nkhungu, nkhuku, mtondo, makina anga. Dzina langa pakati pa amuna onse aja. Anati kunyozedwa anakupirira, koma kutamandidwa ndi bodza m'mwezi uno sangathe.

Ndinakhala pansi pomwepo, nsalu yonyowa pamiyendo.

Azakhali anabwera akulira, akukalipa, zonse pamodzi. Anawagwira ababa kumaso n'kuwatembenuzira kudzuwa. "Achimwene, mpaka kubisira ine?" Kwa ine anangoti ndionetse chinthucho. Anachiyesa m'dzanja, anapukusa mutu, anandibwezera.

A Shehe anati nkhaniyi ikambidwa Lolemba, ndipo ine ndikakhalepo. Mpaka tsikulo aziitana ndi a Ikram, nthawi azipereka a Swaleh. Dzulo ndi lero ababa amva adhana ya munthu wina ali pamphasa. Milomo yawo inkatsatira.

Ndinawakwiyira. Zinali zikuyenda. Kunatsala masiku asanu okha.

Lolemba, 27 Febuluwale

Pakhonde pa a Shehe, itatha swala ya alasiri, ya dzuwa litapendeka. Amuna asanu ndi awiri pamipando, ine ndi azakhali pamphasa chapatali. Sindinagone bwino masiku awiri poganiza zoyankhula.

A Shehe anafunsa kuti ndimadziwa bwanji nthawi ya magharibi, poti wotchi siinena. Azakhali anandigunda ndi chigongono. Ndinali nditang'amba tsamba lomaliza la kope lino kunyumba, ndiye ndinangolipereka. Linayenda m'manja mwa onse. Masiku, nthawi, pamene mgwalangwa unaoneka ndi pamene sunaoneke.

Anati nanga panopa ili bwanji. Ndinachita kukwinya dzanja la bulauzi pamaso pawo. Ndinati 4:26. Sanamve. Ndinabwereza. A Swaleh anayang'ana yawo, anati 4:27, ndipo yawo imathamanga pang'ono, amaibweza Lachisanu lililonse.

A Fakiri anati iwo alibe mawu ndi ababa, koma mudzi wa amuna ambirimbiri sungamafutulu ndi mtondo wa mtsikana, midzi ina idzatiseka. Awiri anavomereza. Wina anati munthu wosaona apume, watumikira mokwanira.

A Shehe anayankhula pomaliza, motsitsa. Anati m'masiku a Mtumiki kunali muazini wosaona, ndipo sankaitana mpaka anthu atamuuza kuti kwacha. Palibe anam'chotsa. Anati cholakwa cha a Kalilu si maso, ndi kubisa, ndipo achiulula okha popanda wowagwira. Aziitana. Madokotala a maso akadzabwera kuchipatala cha ku Boma apite, a Swaleh adzawatenga pa njinga.

A Fakiri anati nanga wowauza nthawi ndani. A Shehe anakweza tsamba langa lija. "Alipo wina pano amene analemba zotere?" Anawayang'ana mmodzimmodzi. "Ndiye amene wakhala akuwauza apitirize. Koma asinje mokweza, timve tonse. Zobisa zatha."

Pobwerera ababa anagwira phewa langa poyera, koyamba. Njira yonse anthu akutiyang'ana. Anati, "Za makina ako sindidzatha kukubwezera." Ndinati ndikudziwa.

Lachiwiri, 28 Febuluwale

Mmene ndimaopera ndi momwemo. Kuchitsime amayi onse, Zuhura nthawi ili bwanji, Zuhura tionetse. Ena moseka, ena ayi. A Ummy akuti mwamuna adzaopa kukwatira mkazi womuwerengera mphindi. Ndinayankha atatu, kenaka ndinathawa ndowa isanadzaze.

Ndaisamutsa, ili pamkono penipeni tsopano. Lamba ndi wamkulu, ndaboola chibowo china.

Ndiye kuti madzulo alionse ndizikhala pano. Ku Boma ndizichokako 3 koloko isanakwane, mandasi atha kapena ayi. Ukwati wa kutali, maliro a kutali, sindikudziwa zidzatheka bwanji. Sindinaganizeko zimenezi pogula. Makina aja ndawaona lero pakhonde pa atelala, mayi wina akuwayesa, akupukusa chogwirira. Amalira bwino. Ndinadutsa msanga.

Ngati ndinagula mwanzeru sindikudziwa. Leah akuti ayi. Azakhali akuti tidzaona ikatha chaka.

Ababa achapitsa mkanjo, ameta. Atuluka kale, ndawamva akuwerenga masitepe chapansipansi. Dzulo mgwalangwa unati 6:07. Kwa a Fakiri ana akhala pampanda kudikira kuti andione ndikusinja.

Munsi! Azakhali anabwereka m'mawa sanabweze.

Ndasiyira pano. Lachiwiri, 5:54 madzulo.